MASO A UKONDE NDI TSOGOLO LA NSOMBA ZA KU LUKANGA

Nsomba zambiri zouma zimene amai amagula m'misika ya Kabwe zimacokera ku dambo la Lukanga, limene liri pa mtunda wa makilomita ngati 50 kumadzulo kwa tauniyi. Dambolo ndi lalikulu mahekitala 260,000, ndipo m'nyengo ya dzinja limalandira madzi osefukira a mtsinje wa Kafue. M'caka ca 2005 linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar.

Kale Abatwa okhala m'mabango a dambolo anali kupha nsomba ndi mikondo, miono ndi mbedza. Zida zimenezi zinali kugwira nsomba zowerengeka, zokwanira ndiwo ndi kusinthanitsa ndi ufa.

Zinthu zinasintha pamene maukonde a nailoni anafala m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950. Ukonde wotere ngwopepuka, suola msanga m'madzi, ndiponso msodzi mmodzi akhoza kuchera maukonde angapo usiku umodzi. Nsomba zinacuruka pa madoko onga Waya, amalonda nayamba kuzitengera ku Kabwe, Lusaka ndi ku Migodi. Mabanja ambiri anaphunzitsa ana ao ndi ndalama za nsomba.

Koma nsomba zazikulu zitayamba kucepa, asodzi ena anacepetsanso maso a maukonde ao. Ena anafika pa kusoka pamodzi maukonde a udzudzu, amene amagawidwa kuti aciteteze anthu ku malungo, ndi kumawakoka m'madzi osaya momwe nsomba zimaswerana. Ukonde wotere susankha: umakokolola tiana ta nsomba ndi mazira omwe. Cotero msodzi amapalasa bwato mtunda wautali koposa kale, koma phindu lace limanka licepa.

Ncifukwa cace Dipatimenti ya Nsomba imatseka usodzi caka ndi caka kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, nthawi imene nsomba zimaswana. Lamulo la Nsomba la 2011 linaletsanso kupha nsomba ndi mankhwala akupha, mabomba kapena magetsi.

Mlimi wanzeru sadya mbeu yace. Momwemonso msodzi wochera ukonde wa maso akulu amalola nsomba yaing'ono kupyola, kuti ikule, iswane, nidzagwidwe mawa iri ndi mtengo wabwino. Nawonso ogula a ku Kabwe ali ndi mbali yao: akakana tinsomba tosakhwima pamsika, wokoka ukonde wa udzudzu adzasowa womgula.