Wotchi ya m'ubongo: n'chifukwa chiyani tulo timabwera pa nthawi yake?

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwachezera pamaliro usiku wonse, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha maso akulemera ndipo mukumva kuzizira ngakhale mwafunda chitenje. Koma dzuwa likangokwera, tulo tija timathawa, chonsecho simunagone n'komwe. Kutopa kulipo ndithu, koma pali china m'thupi mwanu chomwe chikukuuzani kuti ino si nthawi yogona.

Chinthucho ndi wotchi ya m'ubongo. Ndi kagulu ka maselo pafupifupi 20,000, kochepa kuposa njere ya mpunga, komwe kali pansi pa ubongo, pamwamba penipeni pomwe mitsempha yochokera m'maso onse awiri imapingasana. Akatswiri amakatchula kuti suprachiasmatic nucleus, mwachidule SCN. Nyama zoyamwitsa zili nako: ng'ombe, mbuzi, galu, khoswe, mleme komanso inuyo.

Umboni wake unapezeka mu 1972, pomwe magulu awiri a akatswiri ku America anawononga kagawo kameneka mu ubongo wa makoswe. Makoswewo sanafe, koma anasiya kusiyanitsa usana ndi usiku. Ankayendayenda ndi kumwa madzi nthawi ina iliyonse, popanda dongosolo. Mu 1990 Martin Ralph ndi anzake anachita zodabwitsa kwambiri. Anali ndi tinyama tofanana ndi mbewa totchedwa hamster, tomwe wotchi yake inkathamanga n'kumamaliza tsiku m'maola 20 okha. Atatenga SCN ya tinyamato n'kuika mu ubongo wa tinzake tomwe anatichotsa yawo, tolandirato tinayambanso kutsata tsiku la maola 20. Wotchi inasamuka ndi nthawi yake yomwe.

Mkati mwa selo lililonse la wotchiyi muli majini omwe amapanga mapuloteni. Mapuloteniwo akachuluka, amabwerera n'kukatseka majini omwe anawapanga. Kenako amaphwanyika pang'onopang'ono, majini aja n'kutsegukanso. Ulendo umodzi woterewu umatenga pafupifupi maola 24. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza zimenezi, ndipo kafukufuku wawo ankachitira pa tintchentche tija timatera pa nthochi zakupsa.

Mawu oti "pafupifupi" ndi ofunika apa. Wotchi ya anthu ambiri imapitirira pang'ono maola 24, mwina ndi mphindi 10 kapena kuposerapo. Mu 1962 Michel Siffre wa ku France anakhala miyezi iwiri m'phanga lamdima, wopanda wotchi kapena dzuwa. Ankagonabe ndi kudzuka motsatira dongosolo, koma tsiku lililonse nthawi yake yogona inkasuntha pang'ono kupita mtsogolo. Choncho wotchi yathu imafunika kuikonza tsiku ndi tsiku, monga wotchi yapakhoma yomwe imatsalira.

Chomwe chimaikonza ndi kuwala. M'maso mwanu muli maselo apadera omwe ntchito yawo yaikulu si kuona zinthu ayi, koma kuyeza kuchuluka kwa kuwala n'kutumiza uthenga ku SCN. Kuwala kwa m'mawa kumakokera wotchi kutsogolo kuti mugone ndi kudzuka msanga. Kuwala kwa usiku kumaichedwetsa. Ndipo kuwala kwa panja sikufanana ndi kwa m'nyumba. Babu la m'chipinda limapereka kuwala kokwana ma lux 100 mpaka 500, pomwe panja masana kumaposa 10,000. Munthu amene wadzuka n'kupita kumunda kapena kuyenda wapansi kupita kuntchito wakonza kale wotchi yake osadziwa.

Wotchi ikadziwa nthawi, imalamulira thupi lonse. Kukada, imauza kachiwalo ka mu ubongo kotchedwa pineal kuti katulutse homoni ya melatonin, yomwe imadziwitsa thupi kuti usiku wafika. Kutentha kwa thupi kumatsika mpaka kufika pansi kwambiri m'bandakucha, n'chifukwa chake munkanjenjemera pamaliro paja. Kukatsala pang'ono kucha, homoni ya cortisol imakwera, magazi amayamba kuthamanga kwambiri, thupi likukonzekera kudzuka. Madokotala anaona kalekale kuti matenda a mtima odzidzimutsa amachitika kwambiri pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana. Chochititsa chidwi n'chakuti khoswe nayenso amatulutsa melatonin usiku ngati ife, koma kwa iye uthengawo umatanthauza kuti nthawi yosaka chakudya yakwana.

SCN ili ngati wotchi yaikulu, koma chiwindi, matumbo, mtima ndi minofu zilinso ndi mawotchi awo ang'onoang'ono. Wotchi ya chiwindi imamvera kwambiri nthawi yomwe mwadya. Mukadya nsima yambiri 1 koloko usiku, ubongo ukunena kuti ndi usiku pomwe chiwindi chikulandira uthenga woti ndi masana. Komanso usiku thupi silichotsa msanga shuga m'magazi ngati m'mawa, ngakhale chakudya chikhale chomwecho.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza alonda, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'mafakitale ndi oyendetsa mabasi kapena malole usiku. Ambiri amati anazolowera, koma wotchi ya ogwira ntchito usiku ambiri sisintha kwathunthu, chifukwa akamaweruka m'mawa dzuwa limaibwezeranso pakale. Kafukufuku wasonyeza kuti ogwira ntchito usiku kwa zaka zambiri amakhala pachiopsezo chokulirapo cha matenda a shuga, kunenepa kwambiri ndi matenda a mtima. Nthambi yoona za khansa ya bungwe la World Health Organization inanena mu 2007, n'kubwerezanso mu 2019, kuti kugwira ntchito usiku n'kutheka kuti kumayambitsa khansa. Izi sizikutanthauza kuti mlonda aliyense adzadwala, ndipo palibe amene angasiye ntchito yodyetsa banja chifukwa cha nkhaniyi. Koma pali zina zochepetsa vutoli. Idyani chakudya chenicheni musanayambe ntchito, pakati pa usiku muzingodya zopepuka. Musamwe khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu mukatsala pang'ono kuweruka, chifukwa theka la caffeine limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi asanu. Mukafika kunyumba, tsekani mawindo ndi nsalu yakuda kapena bulangete. Ngati mumayendetsa galimoto, dziwani kuti pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko m'bandakucha ndi pomwe tulo timaba munthu osazindikira, ndipo kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza kwenikweni. Imani pamalo otetezeka mugoneko mphindi 20.

Nanga foni yomwe mwagwirayi? Kuwala kwake n'kochepa poyerekeza ndi dzuwa, koma kumalowa m'maso pafupi kwambiri komanso pa nthawi yomwe wotchi imasokonezeka msanga. Ena ali ndi chizolowezi chodikira mabando otchipa a usiku, n'kumaonera makanema mpaka 1 koloko. Kuwalako kumachedwetsa melatonin, ndipo mauthenga a pa WhatsApp kapena Facebook amadzutsanso maganizo. Achinyamata ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa pa msinkhu wawo wotchi imachedwa kale mwachibadwa. Mwana wanu wa sekondale akamavuta kudzuka m'mawa, si nthawi zonse pomwe umakhala ulesi.

Ngati tulo takhala tikukuvutani, yambani ndi nthawi yodzuka. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo mutuluke panja kwa mphindi 20 kapena 30 dzuwa likangotuluka. Madzulo chepetsani kuwala kwa foni ndipo muiike patali kutatsala ola limodzi kuti mugone. Ngati mukulephera kugona masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, pitani kuchipatala mukaonane ndi dokotala musanagule mapiritsi ogonetsa, chifukwa kusowa tulo nthawi zina kumayamba ndi matenda ena monga nkhawa, mphumu kapena kubanika pogona.