Tabuleti kapena Kindle: buku mudzalimalizira pati?

Ambirife tili ndi mabuku m'foni amene tinawatsegula kamodzi, n'kuwerenga masamba atatu, basi. Timangoti ndi ulesi, koma ine ndimaona kuti chipangizo chowerengera nachonso chili ndi mlandu. Ndiye ngati mwasunga kandalama kogulira chinthu chowerengerapo mabuku, dikirani kaye tikambirane.

Tabuleti, monga iPad imene Apple inatulutsa mu 2010, ndi foni yaikulu chabe. Kuwala kwake kumachokera kumbuyo kwa sikirini n'kulunjika m'maso mwanu. Kindle, imene Amazon inayamba kugulitsa mu 2007, ndiponso inzake Kobo, zimagwiritsa ntchito sikirini ya E Ink. Mkati mwake muli timatumba tosaoneka ndi maso, tokhala ndi tinthu takuda ndi toyera. Mukatembenuza tsamba, mphamvu ya batire imakankhira tina pamwamba, zilembo n'kuoneka, kenako zimangokhala pomwepo osadyanso moto. N'chifukwa chake Kindle imatha milungu osaitchaja, pamene tabuleti imafuna tchaja pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, imeneyi si nkhani yaing'ono. Padzuwanso, tabuleti imangokuonetsani nkhope yanu ngati galasi, koma Kindle imawerengeka ngati pepala.

Palinso za tulo. Akatswiri a ku chipatala cha Brigham and Women's ku Boston anayesa anthu 12 amene ankawerenga maola anayi asanagone, masiku ena pa iPad, masiku ena buku la pepala. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka kumapeto kwa 2014, zinaonetsa kuti akawerenga pa iPad tulo tinkachedwa kubwera ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo m'mawa ankadzuka ali ndi tulo m'maso.

Koma chimene chimandikopa kwambiri pa Kindle ndi zimene ilibe. Mulibe WhatsApp, mulibe TikTok, mulibe gulu la ku tchalitchi lokumbutsa za zopereka. Pa tabuleti mumati ndingoona meseji imodzi, eti? Mukadzazindikira ola latha, buku likadali pa tsamba lomwe lija.

Musaithawe msanga tabuleti. Ngati muli pasukulu, zambiri zomwe mumawerenga ndi ma PDF, manotsi ndi mapepala a mayeso akale. Pa sikirini ya Kindle wamba, ya mainchesi 6, PDF imafinyika, zilembo n'kukhala ngati nyerere. Mabuku a ana a zithunzi amafuna mitundu yowala, ndipo ma Kindle ambiri amangoonetsa chakuda ndi choyera. Kugula buku ku Amazon kumafunanso khadi la kubanki lolipirira pa intaneti, ndipo a Chichewa kumeneko ndi ochepa. Chotonthoza n'chakuti Project Gutenberg ili ndi mabuku akale aulere oposa 70,000, ambiri a Chingerezi, ndipo amawerengeka pa zipangizo zonse ziwirizi.

Langizo langa ndi ili: onani zimene munawerenga mwezi wathawu. Ngati ndi manotsi, malipoti ndi ma PDF, gulani tabuleti. Ngati mumalakalaka kumaliza buku lalitali lankhani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, Kindle, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, idzakuthandizani. Ngati ndalama sizinakwane, zimitsani data pafoni yanu kwa theka la ola madzulo ano, mutsegule buku lija. Mukafika tsamba 20, mudziwa nokha chimene chinkakusokonezani.