Kuchotsa zomera zowononga m'mapiri n'kodula, koma kuzilekerera n'kodula koposa

Mulanje, Mana: Ntchito yochotsa zomera zachilendo zomwe zimalanda malo a zomera zachilengedwe m'mapiri ndi m'malo otsetsereka ndi imodzi mwa ntchito zodya ndalama zambiri pa kasamalidwe ka chilengedwe, ndipo mbali yaikulu ya ndalamazo simathera pa kudula koyamba koma pa kubwererako chaka ndi chaka.

Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi malo amene nkhaniyi imaonekera bwino m'dziko muno. Nkhalango ya paphirili inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1927, bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo osungirako zamoyo mu 2000, ndipo mu July 2025 linalilemba pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Ulemu umenewu ukutanthauzanso udindo, popeza dziko la Malawi liyenera kuonetsa kuti likusamala malowo.

Momwe zomerazi zinafikira paphiri

Zina mwa zomera zovutitsazi anthu anazibweretsa okha ndi cholinga chabwino. M'nthawi ya atsamunda, nthambi ya zankhalango inadzala paini wa mtundu wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, m'zigwa za pamwamba pa phiri monga Chambe ndi Sombani kuti dziko lizipeza matabwa. Ku Chambe kunali ngakhale chingwe chotsitsira matabwa kupita kumunsi.

Vuto n'lakuti njere za paini ndi zopepuka ndipo zimauluka ndi mphepo. M'kupita kwa zaka mitengoyi inadumpha malire a minda yomwe inadzalidwamo, n'kumera m'madambo a udzu, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'ming'alu ya matanthwe momwe munthu safikamo mosavuta.

Chomera china ndi Rubus ellipticus, cha minga yambiri, chochokera ku Asia, chomwe chimabala zipatso zachikasu zonga mabulosi. Mbalame zimadya zipatsozi n'kumwaza njere zake kutali. Kumunsi kwa mapiri ndi m'mphepete mwa minda mumapezekanso lantana, chitsamba chochokera ku America chomwe chinafala m'mayiko ambiri ngati duwa lokongoletsera pakhomo, koma chimatseka malo odyetsera ziweto ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe.

Vutoli silili ku Mulanje kokha. Ku Nyika, paini wa ku Chelinda amafalikira kunja kwa munda wake, pamene chomera cha bracken chikutenga malo a udzu omwe nyama zakutchire zimadyapo. Chifukwa cha ichi, ntchito ina yolimbana ndi zamoyo zachilendo yomwe nthambi ya boma yoona za chilengedwe inayendetsa ndi thandizo la Global Environment Facility inasankha Mulanje ndi Nyika kukhala malo oyambirapo.

Chomwe chimakweza ndalama pamalo otsetsereka

Pamalo athyathyathya thirakitala kapena galimoto imafika pomwe pali ntchito. Paphiri sizitero. Kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe ndi ulendo wapansi wa maola atatu kapena kuposerapo, ndipo nkhwangwa, zikwanje, macheka, chakudya ndi zofunda zonse zimakwera pamutu kapena pamsana. Tsiku lokwera ndi tsiku lotsika amalipidwa ngakhale palibe mtengo umene wadulidwa.

Chachiwiri ndi liwiro la ntchito. Munthu wogwira ntchito pamalo otsetsereka amayenda mosamala, amapuma pafupipafupi, ndipo nkhungu kapena mvula ikagwa ntchito imaima chifukwa miyala imaterera. N'chifukwa chake oyendetsa ntchito zotere amawerengera masiku a munthu mmodzi omwe hekitala imodzi ingafune, ndipo chiwerengerochi chimakwera malinga ndi kutsetsereka kwa malo komanso kuchulukana kwa zomerazo.

Chachitatu ndi chitetezo cha anthu ogwira ntchito. Mtengo wodulidwa pamtunda ukhoza kugudubuzika n'kuvulaza omwe ali kumunsi. Pamafunika nsapato zolimba, zipewa zotetezera mutu, magolovesi ndi munthu wodziwa chithandizo choyamba, popeza chipatala chili kutali. Pomwe pali maphompho pamafunika anthu ophunzitsidwa kutsika ndi zingwe, monga zimachitikira m'mapiri a ku South Africa, ndipo maphunziro ndi zida zotere sizotsika mtengo.

Mtengo umodzi wa paini womera pathanthwe ukhoza kutengera gulu la anthu tsiku lathunthu. Komabe kuusiya n'kulakwitsa, chifukwa mtengo wapamwamba ndi umene umamwaza njere pamalo onse a kumunsi omwe alambulidwa kale.

Kudula kamodzi sikukwanira

Chomera chilichonse chili ndi njira yake yochiphera, ndipo njirayo ndi yomwe imasonyeza kuti ntchito itenga zaka zingati. Paini akadulidwa pansi penipeni saphukanso, ndipo pamalo ovuta kugwetsa mitengo ndi kotheka kungosenda khungwa mozungulira thunthu kuti mtengo uume uli chiimire. Koma pomwe panali paini wamkulu pamatsala njere zambiri, ndipo dzuwa likayamba kufika pansi timitengo timamera mothithikana. Tikadali tating'ono timazulidwa ndi manja mosavuta. Tikasiyidwa zaka zingapo timafunanso nkhwangwa, ndipo tikayamba kubala ntchito yonse yabwerera pomwe inayambira.

Rubus ndi lantana ndi zovuta koposa. Zikangodulidwa pamwamba zimaphukanso kuchokera ku chitsa ndi kumizu, nthawi zina mwamphamvu kuposa poyamba. Pamafunika kukumba chitsa chonse kapena kupaka mankhwala ophera zomera pachitsa chikangodulidwa. Mankhwalawa amagulidwa kunja, amafuna munthu wophunzitsidwa, ndipo ayenera kugwiritsidwa ntchito mosamala kwambiri pafupi ndi mitsinje yomwe anthu amamwa. Bracken nayo ili ndi mizu yoyanga pansi pa nthaka yomwe moto suifikira, kotero kuti malo akapsa imaphuka msanga kuposa udzu.

Moto wolusa ndi mbali ina ya ndalama yomwe imaiwalika. Nthambi ndi masamba a paini wodulidwa zikauma zimasanduka nkhuni zoyembekezera moto wa m'miyezi ya August mpaka November. Choncho dongosolo lililonse lochotsa zomerazi liyenera kukhalanso ndi ndalama zolambulira njira zotchinga moto ndi zolipira olondera.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimagwera. Ndalama zikapezeka za chaka chimodzi chokha, malo aakulu amalambulidwa, malipoti amalembedwa, koma pakatha zaka zochepa malowo amakhala atadzazanso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa ntchito iyi hekitala yoyenera kuwerengedwa ndi yokhayo yomwe yabwereredwa mpaka zomera zachilengedwe zitakhazikika.

Nthaka isasiyidwe pambalambanda

Pamalo otsetsereka pali ngozi ina yomwe kuchigwa siikulu kwenikweni. Chomera, ngakhale chikhale chowononga, mizu yake imagwirako nthaka. Kuchizula pamalo aakulu nthawi imodzi mvula itayandikira kumasiya dothi poyera, ndipo madzi othamanga amalikokolola n'kukalisiya m'mitsinje ndi m'minda ya anthu.

Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre akukumbukira zomwe zinachitika mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'mapiri n'kupha anthu mazanamazana. Ngozi imeneyo inadza ndi mvula yoposa muyeso, koma inasonyeza poyera kuti chochitika pamwamba pa phiri chimakafika pakhomo pa munthu wokhala kumunsi.

Njira yabwino ndi kulambula m'zigawozigawo zopingasa chitunda, kuyala mitengo yodulidwa mopingasa kuti izitchinga dothi, ndi kubwezeretsa zomera zoyenera mwamsanga. M'minda ya anthu ya m'mbali mwa mapiri, akalozera, migula ndi udzu wa vetiva zimagwira ntchito yomweyo. Zonsezi zimawonjezera ndalama, koma popanda izo vuto limodzi limangosinthanitsidwa ndi linzake.

Phindu lomwe dziko limapeza

Phindu loyamba ndi madzi. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Muloza ndi Phalombe imachokera paphiri la Mulanje. Madzi ake amathirira minda ya tiyi ndi ya alimi ang'onoang'ono, amalowa m'mipopi ya m'midzi, amapukusa makina a magetsi a ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya, ndipo bungwe la Blantyre Water Board limatenga ena pa Likhubula n'kukawayeretsera ku Nguludi. Mitengo ikuluikulu yobiriwira chaka chonse monga paini imamwa madzi ambiri kuposa udzu womwe yaulanda malo, motero ikachuluka kumagwero a mitsinje madzi a m'chilimwe amachepa.

Mfundo imeneyi ndi yomwe inachititsa boma la South Africa kuyambitsa ndondomeko ya Working for Water mu 1995, pamene Kader Asmal anali nduna ya zamadzi ndi nkhalango. Ndondomekoyo inalemba ntchito anthu osauka masauzande ambiri kuti azichotsa mitengo yachilendo m'malo osunga madzi, ndipo phunziro lalikulu lomwe inapereka ndi lomweli, lakuti malo osabwereredwa amadzazanso.

Phindu lachiwiri ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino, womwe mwachilengedwe umamera paphirili pokha. Kudula mitengo mozembera malamulo ndi moto ndi zomwe zinauwononga kwambiri, mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira nthawi imeneyo mbande zambirimbiri zadzalidwa paphirili, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono pomwe paini ndi Rubus zimakula mofulumira n'kuuphimba. Ndalama zomwe zalowa m'manazale ndi pa kudzala zikhoza kupita pachabe ngati mbandezo sizipaliridwa.

Phindu lachitatu ndi ntchito. Popeza makina safika, ndalama zambiri zimathera m'matumba a anthu a m'midzi yozungulira phiri, m'maboma omwe malo olima ndi ochepa. Pomwe paini ali pafupi ndi njira, matabwa ndi nkhuni zake zikhoza kubweza gawo la ndalama, ngakhale kuti pamalo akutali kutsitsa thabwa kumadya zambiri kuposa mtengo wake pamsika.

Kuvuta kwake n'kwakuti ndalama zimatuluka lero ndipo zimaoneka m'mabuku, pamene phindu limadza patapita zaka ndipo limagwera nthambi zina monga za madzi, ulimi, magetsi ndi zokopa alendo. Pa dziko lonse, lipoti la bungwe la IPBES la mu 2023 linati zamoyo zachilendo zinawonongetsa ndalama zoposa madola 423 biliyoni a ku America m'chaka cha 2019 chokha. Kuno kwathu chitsanzo chodziwika ndi namasupuni wa mu mtsinje wa Shire, yemwe kwa zaka zambiri wakhala akudya ndalama kuti asatseke makina opangira magetsi.

Zoyenera kuganizira pokonza dongosolo

Kwa maofesala a zankhalango, a zaulimi ndi a m'makhonsolo, funso loyamba si kukula kwa malo oti alambulidwe chaka chino, koma kukula kwa malo omwe angathe kuwabwerera kwa zaka zingapo zotsatizana. Ndi bwino kulambula mahekitala ochepa n'kuwasunga kusiyana ndi kulambula ambiri n'kuwataya.

Ndi nzerunso kuyambira pomwe zomerazo zili patalipatali ndi kumtunda komwe njere zimachokera, kenako n'kulowera komwe zachulukana. Malo omwe angoyamba kulowedwa amatenga ndalama zochepa, ndipo kuwateteza kumapulumutsa dera lalikulu.

Nyengo nayo iyenera kugwirizana ndi kapezekedwe ka ndalama. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April, pamene chaka cha boma cha zachuma chimatha pa 31 March. Ngati ndalama zopalira mbande ndi zolambulira njira zotchinga moto sizinaikidwe mu bajeti ya chaka chotsatira, zomwe zadzalidwa m'dzinja zimapsa m'chilimwe.

Chitsanzo cha njira ina yopezera ndalama chilipo ku Mulanje komweko. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, lomwe linayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linapatsidwa thumba la ndalama lokhazikika ndi Global Environment Facility kudzera ku World Bank, kuti chiwongoladzanja chake chizithandiza ntchito zosamalira phiri chaka ndi chaka mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango. Kuchotsa paini wofalikira ndi imodzi mwa ntchito zomwe bungweli lagwira.

Pomaliza, mafumu ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe ayenera kukhala nawo kuyambira pachiyambi. Kwa munthu wosowa nkhuni ndi milimo, paini si mdani, ndipo ana amadya zipatso za Rubus. Anthu akapanda kuuzidwa chifukwa chake mitengo yobiriwira ikudulidwa pamene boma lomwelo likuwauza kuti adzale mitengo, ntchitoyo siingalandiridwe, ndipo popanda anthu okhala pafupi palibe amene angaone kamtengo kachilendo kakangomera.