Kagalimoto Kokankha Ndeke

Kodi mudziwa kuti ndeke ilibe livesi ngati minibasi? Injini zake siziyendetsa mawilo. Zimakankhira ndeke kutsogolo.

Pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka, ndeke zikulu-zikulu zimaima zitayang'ana nyumba yokwereramo anthu. Anthu akakwera, zitseko zimatsekedwa. Nanga ndeke icoka bwanji pamenepo?

Pamabwera kagalimoto kafupi, koma kolemera kwambiri. M'Cingerezi amakachula kuti tug. Anchito amakalumikiza ku mawilo a kutsogolo kwa ndeke ndi citsulo cacitali. Kenako amacotsa zochinga mawilo.

Woyendetsa ndeke sangaone kumbuyo. Ndiye wanchito mmodzi amavala zomvera m'makutu, nakamba naye ali pansi. Coyamba, woyendetsa amapempha cilolezo kwa oyang'anira ndeke a pansanja. Akalola, wapansi uja amamuuza kuti amasule mabuleki. Woyendetsa amayankha kuti wamasula. Asanayankhe, kagalimoto sikayenda, iyai! Kukankha ndeke ili pa mabuleki kungathyole citsulo cija kapena kuononga mawilo.

Tsopano ndeke imabwerera pang'ono-pang'ono, monga munthu woyenda pansi. Anchito ena amayenda pafupi ndi nsonga za mapiko, timitengo towala tili m'manja. Akaona kuti phiko lingagunde cinthu, amapingasa timitengoto m'mwamba. Kagalimoto kamaima pomwepo.

Ndeke ikafika poyera, amacotsa citsulo. Apa ndeke imayamba kuyenda yokha.

Mafunso
1. Cimakankha ndeke kumbuyo n'ciani?
2. N'cifukwa ciani woyendetsa amamasula mabuleki?
3. Kupingasa timitengo kutanthauza ciani?