Kuthamangitsana ndi Dzuwa pa Msewu wa Great East

Mwa alimi amene timaphunzitsa ulimi wa nsomba kuno ku Kasenengwa, muli madala angapo amene paunyamata wawo ankayendetsa malole a nsomba zaziwisi kuchokera ku Lusaka kubwera ku Chipata.

Chimanga chimadikira, nsomba ayi. Ankanyamuka dzuwa litalowa, nsomba zitayalidwa pakati pa madzi oundana, pamwamba atafunditsa utuchi ndi masaka onyowa. Choopsa chinali mapiri a Manenekera, kumene lole yolemedwa inkachita kukwawa injini ikuwira, kenaka chigwa chotentha cha Luangwa. Mlatho wa mu 1968 unafewetsa kuoloka, koma kutentha kunali komweko. Tayala likaphulika pa Kacholola kunja kukucha, madzi ankayamba kudontha pansi pa lole, dalaivala n'kudziwa kuti likudonthalo ndi phindu lake. Ena ankagulitsa motchipa pa Nyimba. Ena ankatumbula nsombazo n'kuziwamba m'mbali mwa msewu kuti apulumutseko zochepa.

Lero tikamakambirana zokolola m'madamu, madalawa salola kuti khoka lilowe m'madzi wogula asanapezeke. Amafunsanso kuti nsombazo zikafika pamsika ku Chipata nthawi yanji, ndipo ife tayamba kuika funso limenelo m'maphunziro athu.