Tinjira ta pakati pa zolemba

Mukatsika basi pa Minga Stop, pamsewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, n'kulowera chakumishoni, yang'anani m'mbali mwa msewu. Muona tinjira tamiyendo tosawerengeka. Kena kalunjika kuchitsime, kena kuchigayo, kena kazungulira kuseri kwa khola n'kukatulukira pakhomo pa ankhoswe. Palibe anakhala pansi kutijambula. Munthu anangoona kuti nyumba iyi ndi iyo zimafunana, nayenda, mawa lake nayendanso, udzu n'kufa.

Ndikafuna kufotokozera munthu chimene amachitcha wiki, ndimayambira pa tinjira timeneti.

Kwa zaka zambiri zolemba zanga zinali m'makope a ana asukulu. Tsiku lobzala nshawa, matumba a feteleza amene tinatenga, dzina la mankhwala amene anachiza mbuzi, ngongole ya njerwa, zonse ndinkalemba motsatizana monga zabwerera. Kope lili ngati msewu umodzi wopanda mphambano: kuti mupeze za mbuzi muyenera kudutsa masamba onse a njerwa. Chaka china chiswe chinadya makope awiri. Nditasamukira pafoni ndinaganiza kuti mavuto atha, koma foniyo itagwera m'ndowa ndinapeza kuti pulogalamu imene ndinkalembamo inkasunga mawu anga m'njira yake yokha, ndipo chimene tinapulumutsa pakhadi sichinatseguke kwina kulikonse. Zinandiwawa kuposa za chiswe zija, chifukwa mawuwo analipo ndithu, koma chitseko chinali cha mwini wake.

Wiki ndi mudzi wa zolemba. Nkhani iliyonse imakhala ndi nyumba yake, ndiye kuti tsamba lake: tsamba la nshawa, tsamba la mbuzi, tsamba la munda wakudambo. Tsono polemba patsamba la munda wakudambo mukatchula nshawa, liwulo mumalitsekera chonchi, [[nshawa]], ndipo pomwepo lasanduka kanjira. Mukalikhudza ndi chala, mwafika kale patsamba la nshawa. Wiki yoyamba inapangidwa ndi Ward Cunningham wa ku America mu 1995, ndipo dzinalo analitenga m'chinenero cha ku Hawaii, kumene wiki amatanthauza msanga. Wikipedia, imene inayamba mu 2001, ndi mzinda waukulu womangidwa mwanjira yomweyo ndi anthu ambirimbiri. Wiki ya munthu payekha ndi kamudzi kanu, amfumu ndinu nomwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandikondweretsa kwambiri. Choyamba, kanjira kamayendeka uku ndi uku. Mukaima patsamba la nshawa, pulogalamu imakuonetsani masamba onse amene anatchulapo nshawa, ngakhale aja munawaiwala. Umu ndi mmene ndinazindikirira kuti zaka zimene nshawa zanga zinachita khate, zonse ndinali nditabzala mochedwa ndiponso motalikitsa. Mfundoyo inalimo kale m'zolemba zanga, koma inali itamwazikana m'nyumba zitatu zosayenderana. Chachiwiri, mukhoza kulambula njira yopita kumene kulibe nyumba. Mukalemba [[soya]] musanakhale ndi tsamba la soya, zili ngati kukhoma zikhomo pamalo pamene mudzamange. Tsiku lokhala ndi chonena, mungokhudza liwulo, tsamba latsopano n'kutseguka. Ndipo nyumba yomangidwa kale siikhala chikhalire: mumabwerera, kufolera pamene pakudontha, kuchotsa mtengo wa chaka chatha n'kuikapo wa lero.

Katswiri wina wa ku Germany, Niklas Luhmann, anachita zimenezi popanda kompyuta. Anasiya timakhadi pafupifupi 90,000 m'mabokosi, kalikonse ndi nambala yake yolozera ku tinzake.

Koma tinjira tokha sitikwanira. Funso lalikulu ndi lakuti zolembazo zikusungidwa mumtundu wanji, ndipo apa mlimi aliyense wa ku Petauke ndi Nyimba amva msanga. Chimanga cha makolo mumasankha zinkhoko zabwino, n'kuzipachika pautsi m'khitchini, mvula ikagwa mwabzala, osapempha kwa munthu. Mbewu ya haibridi imabereka bwino, sindikuinyoza, koma chaka chilichonse mubwerere kusitolo ndi ndalama m'manja. Mapulogalamu ambiri olembera ali ngati haibridi: ndi okongola, koma mawu anu amadalira kampani, akaunti, mwinanso bando ya intaneti. Chimene amachitcha plain text ndiye mbewu ya makolo. Ndi fayilo imene mulibe china koma zilembo zokha, yothera ndi .txt kapena .md, ndipo foni kapena kompyuta iliyonse imaitsegula. Fayilo yotere yolembedwa zaka 30 zapitazo imawerengeka lero bwinobwino. Masiku ano amaisunga m'kalembedwe ka UTF-8, kamene kamadziwa ngakhale chilembo chathu chija cha ŵ. Ndiponso ndi yopepuka: chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chimatha kudya malo okwanira masamba oposa 500 a mawu okhaokha.

Ine ndimakonda mapulogalamu amene amaphatikiza ziwirizi, tinjira pamwamba, mbewu ya makolo pansi. Zim, imene inalembedwa ndi Jaap Karssenberg, ndi yaulere ndipo imayenda pakompyuta. Tsamba lililonse ndi fayilo yakeyake m'foda. Obsidian, imene inatuluka mu 2020, imayenda ndi pafoni pomwe, imalemba mu Markdown, momwe chizindikiro cha # ndicho chimapanga mutu, ndipo polemba siifuna intaneti. TiddlyWiki ya Jeremy Ruston, ya mu 2004, imatenga njira ina: mudzi wonse imaulongedza mufayilo imodzi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankapita kwa maola ambiri ndipo netiweki inkazimira nawo limodzi. Ine ndinkalembabe madzulo pafoni yotchajidwa ndi sola. Pulogalamu imene ndimalembamo itati ithe mawa, mafayilo atsala m'manja mwanga, ndipo tinjira tija tidzaonekabe ngati mawu otsekeredwa.

Mbewu yopachika pautsi imapsa limodzi ndi khitchini. Choncho foda yonse muziikopera pakhadi kapena pafulashi, n'kukaisunga kunyumba ina. Ine ndimachita zimenezi Lamlungu lililonse pochokera ku Misa. Dziwaninso kuti fayilo ya mawu okhaokha ilibe loko, aliyense wotola foni yosakhoma aiwerenga. Nambala yachinsinsi ya mobile money musailembemo, ngakhalenso za matenda a munthu wina.

Poyamba musachite kulinganiza mudzi wonse. Amene ndawaona akufooka ndi aja amayamba ndi mafoda makumi awiri opanda kanthu. Mlongo wanga amene amagulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba anayamba ndi masamba atatu okha: la alimi amene amamupatsa mikoko, la mitengo ya tsiku ndi tsiku, ndi la ngongole. Patapita sabata anandiimbira kufunsa ngati dzina la mlimi mmodzi lingakhale ndi tsamba lakelake, popeza likupezeka m'masamba onse atatu. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, litsekereni dzinalo mbali zonse ziwiri, kenako mulikhudze."