Mimba yaikulu si nkhokwe

Alimi anzanga, mu Ogasiti chaka chatha ndidapita kukagulitsa nandolo pa msika wa Namwera. Titatha kuyeza matumba, wogula uja adati nanenso ndiponde pa sikelo. Muvi udakaima pa makilogalamu 91. Anthu adaseka nati, "Bambo awa zawo zikuyenda." Ine ndidasekanso, koma mumtima ndidadziwa kuti ndikangokwera kachitunda ka kumunda ndimapuma wefuwefu, ndipo mawondo adali atayamba kundiwawa.

Kuno kwathu munthu wonenepa timampatsa ulemu, timati akudya bwino. Zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idatha anthu ambiri, kuonda kudasanduka chinthu choopsa, ndipo mpaka lero munthu akatsika thupi pang'ono anzake amayamba kunong'ona. Nchifukwa chake ambiri safuna nkomwe kumva za kuchepetsa thupi. Komatu kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Kunenepa kwambiri ndi chimodzi mwa zinthu zoyambitsa vutoli pamodzi ndi matenda a shuga.

Tsono mlimi amanenepa bwanji? Chakudya ndicho chimapatsa thupi mphamvu zogwirira ntchito. Chimene ntchito siidathe, thupi limasunga ngati mafuta. Kale ndinkalima ndekha maekala atatu, ndipo popita ku boma ndinkapalasa njinga, pobwera nkumaikankha pa zitunda za ku Chowe. Nthawi imeneyo mitanda isanu ya nsima inkathera m'munda. Ndalama zitayamba kuoneka ndidalemba aganyu, nkugula njinga yamoto. Khasu ndidalisiya, koma mitanda isanu ija sindidaisiye. Kunyanja nkomweko. Pitani pa doko la Malindi kapena Makawa mukaone. Anyamata opalasa bwato ndi kukoka makoka matupi awo ndi olimba. Mimba ili ndi mwini chilimira amene amakhala pamthunzi kudikira ndalama.

Kuti mudziwe ngati mwapitirira, sikelo siifunika kwenikweni. Tengani chingwe, muchidule molingana ndi msinkhu wanu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chipindeni pakati, kenaka muzunguze m'mimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo oopsa kuposa a m'ntchafu. Changa chidaperewera ndi chikhatho chathunthu.

Sindidasale kudya ayi, ndipo musayese kutero, chifukwa wodzimana tsiku lonse amakalipsira madzulo. Ndidatsitsa mitanda kufika pa iwiri, tsiku lolima itatu, ndipo tidabwerera ku mgaiwa chifukwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Malo otsala m'mbale adatenga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi nandolo yemwe ndimalima ndekha. Nsomba sindidasiye. Usipa, utaka ndi kambuzi ndi chakudya chabwino zedi, bola ziphikidwe ndi tomato kapena kuotcha, osati kusambira m'mafuta. Mafuta ophikira ali ndi mphamvu zoposa kawiri za ufa wolemera chimodzimodzi, choncho supuni imodzi yoonjezera si nkhani yaing'ono.

Chimene chidandivuta kwambiri ndi pa msika. Mlimi akagulitsa mbewu amafuna adzithokoze ndi chipisi cha pa chiwaya, mandasi ndi chakumwa chozizira. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Ndani angathire masupuni 8 m'kapu imodzi ya tiyi mkazi wake akuona? Lero ndimamwa madzi, ndipo ndikafuna chotsekemera pali mango, papaya ndi nthochi. Mchere nawonso a WHO amati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, imene ndi supuni imodzi ya tiyi, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma womwe.

Pa zolimbitsa thupi, bungwe lomweli limati munthu wamkulu azigwira ntchito yotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena titi theka la ola masiku asanu. Amene akulima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni adakwanitsa kale, asadzivute ndi kuthamanga mumsewu. Mawuwa ndi a ife a njinga zamoto, a m'magolosale ndi amayi okhala pa benchi tsiku lonse kugulitsa nsomba. Nyengo yofunika kusamala ndi yochokera Meyi mpaka Okotobala, pamene chakudya chili chambiri koma ntchito ya kumunda yachepa. Ine ndidatsegula dimba, ndipo ndimathirira ndekha ndi keni. Kumunda ndimapita wapansi m'mamawa dzuwa la Mangochi lisanakwiye.

Izi si za ana ayi. Ana ambiri m'boma lino vuto lawo ndi kupinimbira, ndipo ayenera kudya mokwanira kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya. Komanso munthu amene akuonda osafuna, uku akumva ludzu kwambiri, kukodza pafupipafupi kapena kutsokomola kosatha, apite kuchipatala msanga.

Thupi limatsika pang'onopang'ono, ndipo theka la kilogalamu pa sabata ndi lokwanira. Ine patha miyezi 8 ndipo ndili pa 83. Chingwe chija chatsala zala ziwiri kuti chikumane. Apongozi anga atandiona mwezi watha adaitanira mwana wawo kuseri kukamufunsa ngati adasiya kundiphikira.